Chovala cha Waya

Pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo cha a Mbingwa,
ndili ndi benchi, pulayazi ndi tepi wakuda.
Ntchito yanga n'kuveka waya wamaliseche.
Ukamusiya choncho, moto umathawira m'mbali,
babu n'kungoti phethi, phethi,
kenako mdima bii.

Bambo ayamba kuyenda ngati akuponda thonje.
Chaka chatha anakumba okha mtedza maekala awiri;
dzana nkhwaila inawavuka pamlatho,
iwo osamva kanthu,
anafika pakhomo phazi limodzi lili mbuu.

Mwandida, mlongo wanga wa ku labu
ya chipatala cha paboma,
anatsika kabaza Loweruka, fumbi mpaka m'nsidze.
Anatola waya pabenchi, n'kumusenda ndi mano.
"Mtsempha wa uthenga nawo umavala," anatero.
"Chovala chake amati mayelini,
mafuta okulungidwa mobwereza
monga umazungulizira tepi wakoyu
ukamaopa kuti kasitomala abweranso."

Ndinaseka. Mafuta, achemwali?
Tepi wanga akangokhudza girizi amamatuka.
Chinthu choterera chingagwire bwanji chinzake?

Anatembenuza katoni ya mabatire,
cholembera anachotsa m'tsitsi.
Anajambula chingwe chopindikapindika
cholowa, chotuluka m'nsalu ya mafuta
ngati ulusi wa telala:
"Uyu ndi puloteni.
Pamfundo iyi pali kadzanja ka salufa,
yemwe uja amanunkha m'dzira losukusa.
Katambasuka, kakudikira mlendo."

Mlendoyo anamujambula ndi mano a sowo:
makaboni khumi, asanu ndi mmodzi,
atandondozana ngati malole odikira pa Mwami.
Asidi wa mafuta.
Mutu wowawasa, mchira woopa madzi.
"Sabwera wapansi ameneyu.
Pali womubereka, wakabaza wa m'thupi,
amamutula pakhomo pa salufa.
Kaboni wakumutu apereka moni,
salufa agwira dzanja osalitayanso,
wakabaza abwerera wopanda katundu.
Mchira uja, poti madzi suwafuna,
umamira m'mafuta anzake, nyomi,
ndipo puloteni wakhomeka ngati mbuzi pachikhomo.
Chovala chagwirana. Uthenga sudontha panjira."

Ndiye awotcherera, ndinatero.
"Ayi. Mfundo yake ndi yomasuka.
Imadulidwa, ina n'kumangidwa pomwepo,
iwe uli mtulo, kukamwa yasa.
Palibe amakutumizira bilu."

Chigayo chinazima. Tinamva nkhunda padenga.
Ndinafunsa chimene ndinkachizungulira:
nanga miyendo ya bambo,
mfundo zimenezi ndi zomwe zamasuka?

Anapinda katoni pawiri, panayi.
"Sindikudziwa, Fanizo.
Kaya ndi shuga, kaya n'china.
Chojambulachi sichitchula dzina la munthu.
Lolemba ubwere nawo, tikayeze magazi.
Ndipo usakawamwetse mafuta ophikira
n'kumati Mwandida wanena."

Madzulo ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza,
zala zikadali ndi nzeru zake zonse,
thwa, thwa, makoko uku, njere uko.
Ndinagwada, n'kunyamula phazi lawo
monga ndimanyamulira wailesi ya mwini,
ndisanadziwe chafa m'kati.
Ndinatsina chala chachikulu. Mukumva?
"Ndikumva," anatero, "koma patali,
ngati siteshoni ya ku Chipata mvula ikamabwera."

Zaka khumi ndakhala ndikunyoza mafuta,
kuwapukuta pawaya, kuwatukwana pamalaya,
osadziwa kuti ndikamati dzanja gwira
ndipo dzanja n'kugwira,
pali timichira tosaoneka tazika mizu,
timanja ta salufa tosatopa,
tikundigwirira mawu anga kuti akafike.

Nkhwaila ija mwana wa aneba anaitola.
Ndaiboola kuchidendene,
ndapisamo waya wofiira, wovala bwino,
kuti Lolemba, popita paboma,
phazi likaiwala,
waya akumbuke.